Mangochi yakwanitsa zaka 135: mayankho kwa abale a ku Joni amene mwakhala mukufunsa

Chimvekereni kuti ife a ku Mangochi okhala mu Johannesburg tikukonza tsiku lokumbukira zaka 135 za tauni yathu, mafoni a komiti sakupuma. Ena mukufunsa mwaulemu, ena mwaukali, ena mukutumiza mawu pa WhatsApp pakati pa usiku mutangoweruka ku ntchito. Poti mafunso ake ndi omwewomwewo, tawasonkhanitsa pano. Tayamba ndi a mbiri chifukwa ndiwo autsa mapokoso. Za chakudya ndi ndalama zili kumunsi, amene muli pachangu tsikirani komweko.

Zaka 135 zimenezi mwayamba kuwerenga liti?

Tayambira mu 1891. M'chaka chimenecho Harry Johnston, yemwe boma la Britain linamutuma kudzakhazikitsa ulamuliro wake m'dziko lathu, anamanga linga la asilikali m'mphepete mwa Shire, moyang'anana ndi mudzi waukulu wa mfumu Mponda, kufupi ndi pamene mtsinjewu umatulukira m'nyanja. Lingalo linatchedwa Fort Johnston. Linali tsidya la kum'mawa, ndipo zaka za m'ma 1890 zisanathe boma linawolokera tsidya la kumadzulo, pamene pali tauni lero. Mukawonkhetsa, zaka 135 zikukwana mu 2026.

Amene mumaona ngati kwathu n'kwa dzulodzulo poyerekeza ndi kuno, dziwani kuti Johannesburg inayamba mu 1886 golide atapezeka. Yatiposa ndi zaka zisanu zokha basi.

Ndiye kuti tikukondwerera linga la atsamunda?

Ili ndiye funso labwera kwambiri, ndipo ofunsawo sakulakwa. Yankho ndi ayi. 1891 ndi chaka chimene chinalembedwa papepala, koma anthu anali atakhala pamalopo kalekale. Johnston sanamange linga m'tchire. Anasankha malowo chifukwa panali kale doko, panali kale malonda, panalinso mfumu yamphamvu imene aliyense wowoloka Shire kapena wolowa m'nyanja ankayenera kuigwadira. Anyanja anali akupha nsomba ndi kulima m'madimba a kumeneko kwa mibadwo yambiri. Ayao anafika m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kum'mawa, kudera limene lero ndi Mozambique, ndi malonda awo ofika mpaka kunyanja yamchere. David Livingstone pofika panyanja ya Malawi mu Seputembala 1859 anadzera m'mphepete mwa Shire momwemu, ndipo anapeza midzi ya anthu. Sitima yoyamba ya amishoni yotchedwa Ilala inadutsa kwa Mponda mu 1875 popita ku Cape Maclear. Ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889. Zonsezi zinachitika linga lisanamangidwe.

Nanga tagwiriranji 1891? Tsiku limene munthu woyamba anakocheza bwato padokolo palibe analilemba, pomwe chikondwerero chimafuna nambala yolemba pachinsalu. Nambalayo tabwereka kwa atsamunda, koma nkhani yake tidzakamba ndife. M'komiti momwemo muli achimwene ena amene mpaka lero sakugwirizana nazo, ndipo patsikulo tidzawapatsa chimkuzamawu kuti anene maganizo awo pagulu. Kwa ine wolembane, mkangano umenewu ndi umene udzakometse tsikulo kuposa zolankhula zokonzeratu.

Bwanji osadikira zaka 150, nambala yooneka bwino?

Zaka 150 zidzakwana mu 2041. Tawerengani zaka za agogo amene anawoloka Shire pa pantoni, amene anaona Fort Johnston ikusanduka Mangochi, amene anabwera kuno pandege ya Wenela. Ndi angati adzakhale alipo? Chaka chilichonse timasonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo womwalira aliyense amapita ndi nkhani zimene palibe anamufunsa. Sitidikira.

Mponda, Makanjira ndi Jalasi mudzawatchula ngati ngwazi kapena ngati ogulitsa anthu?

Zonse ziwiri, popeza zonse ziwiri n'zoona.

Mafumu amenewa analemera ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ankagwidwa m'midzi, n'kuwolotsedwa pa Shire kapena panyanja m'zombo, kenako n'kuyendetsedwa wapansi mpaka kumadoko a kunyanja yamchere monga Kilwa. Pobwerera amalonda ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Izi sitibisa. Pakati pathu pali zidzukulu za ogulitsa ndi zidzukulu za ogulitsidwa, ndipo ambirife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Koma mafumu omwewanso ndiwo anakana kugonjera mlendo wobwera ndi mizinga. Johnston anabwera ndi asilikali a Chisikhi ochokera ku India, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Mu Disembala 1891 Maguire anaphedwa ndi anthu a Makanjira kugombe la kum'mawa kwa nyanja pamene amafuna kuwononga zombo zawo, n'chifukwa chake linga limene linadzamangidwa kumeneko linatchedwa Fort Maguire. Mu 1892 Jalasi, ali paphiri lake kufupi ndi Namwera, anathamangitsa asilikali amene anatumidwa kukamugwira, n'kuwalanda mzinga. Anadzagonja mu 1895. Atsamunda ankati abwera kudzathetsa ukapolo, ndipo malondawo anathadi. Chimene chinatsatira ndi msonkho wa nyumba ndi mtengatenga, amuna kusenza katundu wa Azungu pamutu mitunda italiitali.

Wofuna kumva mbali imodzi yokha adzakhumudwa. Tapempha akuluakulu ochokera kwa Mponda ndi kwa Jalasi kuti adzafotokoze monga anamvera kwa makolo awo, ndipo wina adzawerenga zimene zinalembedwa m'mabuku a mbiri. Zikadzasemphana, zisemphane, sitidzaumiriza kuti zifanane.

Dzina lakuti Mangochi linabwera liti?

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mayina a atsamunda anayamba kuchotsedwa. Port Herald inakhala Nsanje, Fort Hill inakhala Chitipa, Fort Manning inakhala Mchinji, ndipo Fort Johnston inakhala Mangochi. Dzinali ndi la phiri lija la Jalasi, kumene mabwinja a linga lina, Fort Mangochi, akadalipo.

Mukungoti Shire, Shire. Mtsinjewu unaichitira chiyani tauni yathu?

Popanda Shire sipakanakhala tauni. Ndi mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Ukadutsa kwathu umalowa m'nyanja ya Malombe, n'kutsikira ku Liwonde, kenako kumathithi kumene kuli Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe magetsi ambiri a ku Malawi amachokera, mpaka kukathira mu Zambezi, ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Nthawi imene kunalibe misewu yodalirika, munthu kapena katundu wopita kumpoto ankadzera njira imeneyi, ndipo Fort Johnston inali doko lalikulu la nyanja. Sitima zinkabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Britain, anthu atasenza kulambalala mathithi, n'kudzalumikizidwa kwathu. Chauncy Maples, sitima ya amishoni a Anglican, analumikizira kwa Mponda, ndipo inayamba kuyenda mu 1901.

Vuto ndi lakuti madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri, mchenga ndi mabango zinatseka potulukira, madzi n'kusiya kuyenda. Malombe inaphwa mpaka anthu kumalimamo. Ana a masiku ano, amene amamva za madzi kusefukira m'manyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, sakhulupirira akamva zimenezi. Pamene madzi amabwerera, njanji inali itafika kale ku Chipoka, ndipo pambuyo pake sitima zinakakhazikika ku Monkey Bay. Doko lathu silinabwererenso mwakale. Tauni inatsala ndi maofesi a boma, msika, chipatala, usodzi, ndi ntchito yowolotsa anthu a tsidya lino ndi tsidya ilo. Ntchito imeneyo lero ikugwiridwa ndi mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, umene amadutsa onse opita ku Malindi, kwa Makanjira, ku Namwera ndi kuchipata cha Chiponde.

Tikukamba zimenezi kwa anthu okhala mumzinda umene ulibe mtsinje waukulu. Jukskei imene imadutsa ku Alexandra simungaponyemo khoka, ndipo madzi amene timamwa kuno amachokera kutali ku Vaal. Mwana wokulira ku Hillbrow amafunika kumufotokozera bwinobwino kuti mtsinje ungathe kudzutsa tauni, kenako n'kuigoneka.

Pachithunzi choitanira anthu mwaika nsanja ya wotchi. Ili ndi nkhani yanji?

Ambirife tinkadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku pa kabaza osaima n'komwe kuti tiwerenge zolembedwazo. Pamalopo, kufupi ndi mlatho, pali zinthu zitatu.

Nsanjayo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inamwalira mu 1901.

Pambali pake pali mzinga umene unali pa sitima yankhondo ya Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi motsogozedwa ndi Captain Rhoades inapita ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda ikukonzedwa. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Ku Britain nkhaniyi inalengezedwa ngati kupambana koyamba kwa pamadzi m'nkhondo yonseyo. Amalinyero ndi osonkhezera moto m'sitimamo anali anthu akuda a m'mphepete mwa nyanja momwemu, koma mayina awo simuwapeza pachipilala.

Chachitatu ndi chikumbutso cha Vipya, sitima imene inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi gombe la kumunsi kwa Livingstonia, chifukwa cha mphepo yamkuntho. Anthu 145 anafa. Patsiku lathu tidzakhala chete kamphindi powakumbukira, pamodzi ndi asodzi onse amene mwera unawatenga.

Mukapita kumudzi, lowaninso m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, chapafupi pomwepo. Inali kalabu ya Azungu, malo amene agogo athu ankalowamo ngati antchito okha.

Za Chipembere mudzazikamba? Si ndale zimenezo?

Tidzazikamba, chifukwa mbiri ya tauniyi siingathe popanda usiku wa mu Febuluwale 1965. Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda mu 1964, Henry Masauko Chipembere anabwerera kwawo ku Malindi n'kulowa m'mapiri. Usiku umenewo iye ndi amuna ake analowa mu Fort Johnston, kulanda polisi ndi zida, n'kuuyamba ulendo wa ku Zomba. Anakakanika pa Liwonde, popeza pantoni inali tsidya linalo. Chipembere anathawira kunja ndipo anamwalirira ku America mu 1975. Amene anatsala ndiwo anaona zakuda. Midzi inatenthedwa, anthu anamangidwa popanda mlandu, ndipo anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa mwaunyinji kukatsekeredwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kwa zaka zambiri kunena kuti umachokera ku Mangochi kunali kudziitanira mafunso.

Imeneyo ndi mbiri. Ndale zimene takana ndi za lero. Nsalu, zipewa ndi nyimbo za chipani chilichonse zitsale kunyumba, ndipo woyamba kampeni pachimkuzamawu tidzamuzimitsira popanda kupepesa.

Chikondwerero cha tauni ya ku Malawi chikuchitikiranji ku Johannesburg?

Chifukwa gawo lalikulu la Mangochi lili kuno. Pitani ku Mayfair, Fordsburg, Brixton, Yeoville, Rosettenville, Lenasia, Diepsloot kapena Cosmo City, mukamva Chiyao ndi Chichewa m'mashopu, m'matelala, pamalo omanga nyumba ndi m'minda ya maluwa ya mabwana. Pitaninso kwathu mukaone nyumba za malata ndi njinga zamoto, mufunse kuti ndalama yake inachokera kuti.

Njirayi si yachilendo. Makolo athu anayamba kubwera kumigodi kalekale, ena wapansi, ena kudzera mu Wenela, imene inkanyamula amuna pandege mpaka ku Francistown ku Botswana, kenako pasitima yapamtunda kufika kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya South Africa anaposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene amabwerera kwawo, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, n'kudzatheratu mu 1988 pa mkangano woyeza magazi a anthu ofuna ntchito. Koma njira inali itatseguka kale. Chipani cha Bakili Muluzi chitalowa m'boma mu 1994, chaka chomwechonso tsankho linatha kuno, ndipo anyamata anayamba kubwera okha pa basi, kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka ku Park Station.

Ndiye mbiri ya Mangochi ya zaka zapitazi yalembedwa mbali ina ku Joni kuno. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma sitingadikire kuti tonse tibwerere kaye ndiye tikumbukire kwathu. Ena mwa ife ndi matchona enieni, ndipo tsikuli ndi lawonso.

Mwalemberanji m'Chichewa pomwe ku Mangochi ambiri amalankhula Chiyao?

Chifukwa ndi chimene tonse timamvana, Myao, Mnyanja, Mlomwe, Mngoni, ngakhale mlamu wathu wa ku Mzimba. Patsikulo aliyense adzalankhula chiyankhulo chimene mtima wake wafuna. Anganga amene akufuna kufotokoza m'Chiyao asadzivute, womasulira adzakhalapo. Padzakhalanso womasulira m'Chingerezi ndi m'Chizulu chifukwa cha ana ndi apongozi athu a kuno.

Ine si wa ku Mangochi. Ndingabwere?

Bwerani. A ku Machinga, Balaka, Salima ndi Ntcheu timamwa madzi amodzi. Anzathu a ku Mandimba ndi ku Lichinga ndi abale enieni amene malire anangotidula pakati. Eni dziko lino amene timagwira nawo ntchito kapena kukwatirana nawo, alandiridwa ndi manja awiri.

Zidzachitika liti, ndipo kuti?

Loweruka lotsatira pa 24 Seputembala, tsiku limene eni dziko lino amakumbukira chikhalidwe chawo. Tasankha sabata imeneyo chifukwa mabwana ambiri amakhala ofewa mtima pankhani za chikhalidwe, ndiye kupempha tchuthi sikuvuta kwambiri. Lachisanu talipewa chifukwa cha Juma, Lamulungu chifukwa cha tchalitchi. Abale a Seventh Day mwadandaula, tamva, ndipo n'chifukwa chake magule ndi chakudya taziika chakumadzulo.

Holo ili chakumadzulo kwa tauni, kufupi ndi Mayfair. Malo enieni tidzalengeza m'magulu athu a WhatsApp sabata yomaliza. Tidzayamba masana popeza ambiri mumagwira theka la tsiku Loweruka, ndipo tidzatseka nthawi yabwino kuti a ku Diepsloot, Tembisa ndi Orange Farm mupeze matakisi ku Bree ndi ku Noord kusanade kwambiri. Nthawi yoyambira ikakwana tidzayamba, ngakhale m'holomo mutakhala anthu khumi.

Ndilibe mapepala okwanira. Ndikhale kunyumba?

Pakhomo sitidzafunsa pasipoti ya munthu, ndipo sitidzalemba mayina a obwera. Za panjira sitingalonjeze, inu nomwe mukudziwa mmene misewu ya kuno imakhalira. Amene muli ndi mapepala yendani nawo. Wojambula adzauzidwa kuti asajambule nkhope ya munthu amene wakana, ndipo tikupempha achinyamata kuti musaike mavidiyo a anthu pa Facebook kapena TikTok eni ake asanavomere.

Chakudya chidzakhala cha halaal? Nanga mowa?

Nyama yonse idzagulidwa kubutchala ya halaal, ndipo ophika ake ndi amayi athu omwe. Padzakhala nsima, mpunga, nkhuku, mbuzi, nyemba, masamba otendera, usipa, thobwa ndi zitumbuwa. Mowa m'holo ayi. Tinakambirana nthawi yaitali, ndipo Akhristu a m'komiti ndiwo anayamba kunena kuti tsiku limodzi munthu safa ndi ludzu. Mapemphero otsegulira adzachita shehe ndi m'busa, aliyense mwachidule. Tawapempha mwaulemu wonse kuti ulaliki ausunge.

Chambo chidzakhalapo?

Apa tisanamizane. Nsomba imene imagulitsidwa m'mashopu a kuno ndi ya m'madamu, ndipo ngakhale ikufanana ndi chambo, munthu wokulira ku Mpondasi kapena ku Malembo akangoluma kamodzi adziwa. Tidzaiphika, koma sitidzaitcha chambo. Chenichenicho n'chovuta kubweretsa chambiri chili chachiwisi paulendo wa masiku awiri kapena atatu pa basi, komanso kumudzi komweko chinakwera mtengo. Ku Malombe, kumene kale chambo chinkadzaza mabwato, chinayamba kusowa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi ana omwe, ndipo asodzi anatsala ndi kambuzi. Nkhani imeneyi tidzaikambanso patsikulo, popeza ena mwa makoka ndi mainjini amene ali panyanjapo anagulidwa ndi ndalama za ku Joni. Usipa ndi utaka wouma zokha zidzakhala za kwathu zenizeni, matransipota atilonjeza.

Magule ati adzavinidwe?

Beni, manganje ndi sikiri. Beni ikugwirizana kwambiri ndi nkhani ya tsikuli, chifukwa ndi gule wotengera perete wa asilikali, ndipo inafala m'dera lathu nkhondo ya 1914 itatha. Makolo anaona asilikali akuguba ndi mayunifolomu ndi maudindo awo, n'kuzisandutsa gule wawo wosekera ndi kunyadira. Ovina alipo, koma tikusowa oimba ng'oma odziwa. Sipika yoimba nyimbo za pafoni tili nayo, koma beni ya pa sipika si beni.

Achinyamata mwafunsa ngati padzakhala amapiano. Kumapeto, akuluakulu akatopa.

Ana anga anabadwira kuno, Chichewa samva bwino. Adzapindula chiyani?

Amenewo ndiwo tikuwafuna kwambiri. Mwana wobadwira ku Berea amauzidwa kusukulu kuti ndi mlendo, akapita ku Malawi amamutcha wa ku Joni. Ambiri a iwo Mangochi amaidziwa ngati malo otentha kumene amapita kumaliro, kumene ndalama za bambo awo zimathera. Tikufuna aone mapu, aloze pamene Shire imatulukira, apeze mudzi wa agogo awo, adziwe kuti kwawo kunamenyedwa nkhondo, kunalumikizidwa sitima, kunachokera anthu amene anagwedeza boma. Padzakhala ngodya ya ana kumene adzaphunzire kuluka ndi mlaza, kusewera bawo, ndi kufunsa agogo mafunso amene akonzeratu kunyumba. Makolo, athandizeni kukonza mafunsowo, ndipo akafunsa zovuta musawatsinye.

Mwapempha zinthu zakale. Zinthu zanji, ndipo zidzabwezedwa?

Zithunzi za pantoni, za mlatho wakale, za msika, za sukulu, za ukwati. Mapepala a Wenela ndi Theba, zitupa za msonkho, makalata amene agogo ankalembera kumudzi ali kumigodi, ngakhale bokosi lachitsulo lija ankabwera nalo. Ambiri zinthuzi zili kumudzi, ndiye uzani wachibale ajambule pafoni pamalo owala bwino, atumize. Zimene mwabweretsa pamanja tidzazijambula pomwepo inu mukuona, n'kukubwezerani. Palibe chogona kwa komiti.

Chofunika kuposa zonsezi ndi mawu. Ngati muli ndi agogo kumudzi kapena kuno, akhazikeni pansi, tsegulani foni, muwafunse za chaka cha njala ya 1949, za msonkho, za mmene ankawolokera Shire, za tsiku limene ananyamuka kupita ku Theba. Musawadule pakamwa, ndipo musawakonzere nkhani kuti igwirizane ndi ya m'buku. Yambani ndi kuwapempha kuti atchule dzina la mudzi ndi la mfumu yawo, kuti omvera mtsogolo adzadziwe kumene nkhaniyo yachokera. Zimene eni ake avomereza tidzazisonkhanitsa pamodzi, ndipo cholinga chathu n'chakuti kope imodzi ikasungidwe ku Mangochi komweko.

Ndalama mukusonkhetsazi akusunga ndani?

Funso labwino, ndipo musachite manyazi kulifunsa. Tonse tinamvapo za magulu amene msungichuma wake anazimitsa foni. Ndalama sizikhala m'thumba la munthu mmodzi. Kuti zituluke pafunika anthu atatu avomereze, mmodzi mwa iwo mayi. Aliyense wopereka akulandira risiti, ndipo Lamulungu lililonse madzulo tikuika m'gulu zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Patsikulo, chakudya chisanagawidwe, msungichuma adzawerenga zonse pagulu. Wina aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama ku nambala yake yapadera m'dzina la chikondwererochi, musatumize, tidziwitseni.

Chopereka cha banja tidzalengeza tikamaliza kugwirizana mtengo wa holo. Amene ntchito yatha musathawe, bwerani mudzathandize kusenza mipando. Ana salipira.

Zikatsala ndalama zidzapita kuti?

Pali maganizo awiri. Ena akuti zilowe m'thumba la maliro, ena akuti tigule mabuku a sukulu ina ya pulaimale kumudzi. Tidzavota pokweza manja tsiku lomwelo.

Abale a kumudzi adzatha kuonera?

Tidzayesetsa kuulutsa zolankhula ndi magule pa intaneti, kamera italoza kutsogolo kokha. Uzani abale agule bandulo, ndipo atchaje mafoni m'mawa poopa kuthima kwa magetsi, kwawoko kapena kwathu kuno. Ngati ku Mangochi komweko kudzakhale mwambo wina, umenewo ndi wa eni ake ndi mafumu, ife sitikuwalankhulira.

Tivale chiyani?

Chimene mungavale popita kuukwati kwanu. Zitenje, mikanjo, zibaluni, masuti, zonse zili bwino. Tengani kajuzi, chifukwa madzulo a kuno mu Seputembala si a ku Mangochi, ndipo mvula yoyamba ya mabingu imatha kubwera osalonjera.

Pakadali pano mukusowa chiyani?

Oimba ng'oma za beni, mapoto akuluakulu ndi mbaula za gasi zobwereka, munthu wa bakkie wonyamula mipando m'mawa ndi kuibweza usiku, achemwali kapena achimwene odziwa kumasulira Chiyao kupita m'Chingerezi mwachangu, ndi wina wodziwa kujambula mapu aakulu a boma la Mangochi pansalu, kuyambira kwa Makanjira mpaka ku Malombe. Tikufunanso mkulu wochokera kwa Makanjira woti adzafotokoze mbali yawo ya nkhondo ya 1891, popeza a kwa Mponda ndi a kwa Jalasi apezeka kale. Ngati mukumudziwa, uzani wa komiti amene muli naye pafupi mwezi wa Ogasiti usanathe.